Wanu Ndi Wolemera

Uthenga uja unafika Lachitatu madzulo ine ndili kubafa. Foni ndinaisiya patebulo, pafupi ndi mpando umene achemwali amakhalapo atasanjika miyendo yawo yotupa pa kasitulu. Potuluka ndinawapeza ataigwira patali ndi nkhope, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"Tabwera udzamve zimene walemba bwenzi lako lija," anatero, n'kuwerenga mokweza ngati wolengeza pa wailesi. "'Ndayesa onse atatu. Wanu ndi wolemera. Ndatenga wa adokotala.'"

"Foni yanga imeneyo, achemwali."

"Ndakana ine? Ndikungofunsa: m'nyumba muno wolemera ndani? Nanga adokotalawo ndi ati?"

"Akunena pulasitiki."

"Pulasitiki!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ine ndinakwatiwapo. Mwamuna akayamba kuyesa atatuatatu, dziwa kuti sakunena pulasitiki."

Ndinalanda foni ija n'kukalowa kuchipinda kwanga, kachipinda kamene kale kanali kosungiramo katundu, moti masutikesi a malemu amuna awo akadali pamwamba pa wadirobu. Ndinakhala pabedi tsitsi lili chinyowere. Ndinkadziwa kuti akunenadi pulasitiki. Chimene sindinamvetse n'chakuti, nanga bwanji zinkandiwawa chonchi?

Uthengawo sindinauyankhe.

* * *

Ine ndimasita zovala pa shopu yochapa masuti. Bwenzi langalo amakonza zikepe zokwezera anthu m'nyumba zosanja, koma owadziwa bwino amangowatchula kuti Andege.

Tsiku loyamba analowa m'shopu chimanjamanja. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mapulasitiki amene timaveka masuti tikatha kusita, kenako anati, "Pepani mayi, kodi mungandigaireko mmodzi wopanda suti m'kati?" Ndinaganiza kuti mutu sukuyenda bwino, koma ndinawapatsa. Mlungu wotsatira anabweranso ndi kabokosi, n'kutulutsamo kandege ka timitengo tating'ono ngati udzu wa tsache, mapiko ake atakutidwa ndi pulasitiki wanga uja. Anapota lamba wa mphira, n'kukasiya m'malere. Kanazungulira shopu yonse pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa majekete a eniake, n'kudzatera pafupi ndi simbi yanga. Kuyambira pamenepo amandiitana kuti Asimbi.

Ndinayamba kupita nawo Loweruka masana ku holo ya pasukulu ina kumene amakumana ndi anzawo. Kumeneko anthu akuluakulu amanong'onezana n'kumayenda monyang'ama, chifukwa tindegeto sitifuna mphepo ngakhale pang'ono. Akazi tinalipo awiri: ine ndi dokotala wina wa mano, mayi wamtali wa galimoto yofiira. Ankadziwa kuti Andege samwa tiyi wa shuga, ndipo ankawakonza kolala osapempha. Ine ankanditcha "mayi a kochapa". Tsiku lina anabwera ndi kapaipi ka katoni, n'kukapereka kwa Andege ndi manja awiri anthu onse akuona. Amuna onse anaunjikana kudzasuzumira. Ine ndinatsala pabenchi ndi fulasiki.

Patatsala mlungu kuti mpikisano waukulu wa kandege kokhalitsa m'malere uchitike, Andege anandiitanira kwawo koyamba. Nyumba yawo ili pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Mawindo onse anali otseka, kunsi kwa chitseko atatsekako ndi thaulo. Pasinki panali kapu imodzi, patebulo mpando umodzi. Mpandowo anandipatsa ine, iwo n'kukhala pa ndowa yozondotsa.

"Muno muziyenda ngati muli m'madzi," anatero. "Kuyetsemula n'kunja."

"Simubanika kukhala nokha m'nyumba yotseka chonchi?"

"Ndinazolowera. Lamlungu lokha ndi limene limatalika."

Lamlungu limanditalikira inenso, koma sindinanene.

Patebulo panali mapiko atatu ofanana. Loyamba analikuta ndi pepala lopyapyala, longa lija amakulungira nsapato zatsopano.

"Ili n'losavuta kumata, ngakhale woyamba kumene atha," anatero. "Vuto lake limamwa chinyezi. Kukagwa mvula limalefuka, kukatentha limakokana mpaka kupotola phiko. Ukadzuka m'mawa umapeza ndege yako yakhota yokha usanaigwire."

"Nanga ili?"

"Wanu ameneyo. Tamubayani ndi chala."

Ndinabaya. Anangolowa m'kati n'kubwerera.

"Mwaona? Sang'ambika, ndipo chinyezi alibe nacho ntchito. Ndaulutsa naye miyezi yonseyi, kugunda makoma, kugunda mipando, osamatapo chigamba."

Phiko lachitatu ndinkaona ngati silinakutidwe n'komwe. Atalipendeketsa cha kuwindo m'pamene ndinaona mitundu ikuyenda pamwamba pake ngati pa thovu la sopo.

"Uja wa m'kapaipi. Adokotala anachita kuitanitsa kunja," anatero, mawu atatsika. "Ameneyu amakakamira zala, amakakamira malaya, amakakamira chilichonse. Umayamba wam'finya kukhala kampira, kenako n'kumutambasula pa felemu yopaka mafuta odzola. Ndi lezala sadulika bwino, umadula ndi waya wotentha. Ukapumira pafupi, wang'ambika."

"Ndiye mukuvutikiranji naye?"

Anakwera pa ndowa ija n'kumasiya mapikowo limodzilimodzi kuchokera pafupi ndi denga. La pepala linatsika likugwedezeka. Langa linatsika bwinobwino, molunjika, ngati munthu wodziwa kwawo. La adokotala linkangoyandama, ngati laiwala kuti kuli pansi. Ine sindinayang'ane phikolo. Ndinayang'ana nkhope yawo akulitsatira ndi maso, ndipo ndinalakalaka wina atandiyang'anapo choncho.

"Sindinasankhe," anatero potsika. "Ndiyesa kaye pasikelo, ndiulutsenso. Ndikuuzani."

Anandiperekeza mpaka pokwerera basi. Basi itafika anandigwira chigongono pang'ono chabe, mmene amagwirira mapiko aja, n'kuchisiya.

Ndiye Lachitatu lake anandiuzadi.

* * *

Lachinayi kunabwera mauthenga awiri. Woyamba unati, "Kusiyana kwake n'kochepa, koma pa kandege aka tsitsi limodzi ndi katundu." Wachiwiri unafika dzuwa litapendeka: "Asimbi, mulipo?" Ndinawerenga ndili m'basi, mutu nditatsamira pawindo, n'kubweza foni m'chikwama. Pampando wakutsogolo mnyamata ndi mtsikana ankamvera nyimbo imodzi, aliyense waya wake kukhutu. Ndinayang'ana kunja mpaka kutsika.

Kunyumba ndinatenthetsa madzi n'kuyamba kuthowa miyendo ya achemwali monga ndimachitira madzulo alionse. Kanema anali woyatsa koma wopanda mawu.

"Wapepesa?" anafunsa.

"Apepese chiyani?"

"Wayamba kumuikira kumbuyo. Mwamuna wa imvi m'ndevu, anzake akumanga nyumba, iye akumanga zidole. Ukadzadwala adzakutengera kuchipatala pa ndege ya mphira?"

"Samwa mowa, achemwali. Satukwana. Ndikamalankhula amandiyang'ana."

"Ngakhale mphaka amayang'ana."

"Zaka zanga mukuzidziwa. Mukufuna ndidikire ndani?"

"Dikira munthu. Ameneyo muno sapondamo. Ukadzabwera naye, ine ndidzadzitsekera kuchipinda, ukampatse tiyi wekha."

Ndinafinya thaulo. Patapita nthawi anayamba kulankhula okha, maso ali pa kanema wopanda mawu uja.

"Ukachoka Loweruka, m'nyumba muno mumati zii. Ndimamva firiji ikulira. Ndikamva nsapato panja ndimati ndiwe, n'kupitirira." Anakoka mwendo wawo m'manja mwanga. "Basi, pukuta. Madzi azizira."

Ndinapukuta. Tinadya aliyense akuyang'ana m'mbale mwake.

* * *

Lachisanu masana Andege anaimba foni. Ndinatulukira kuseri kwa shopu, kumene paipi imatulutsira nthunzi.

"Asimbi, mwadwala?"

"Ndili bwino."

"Ndiye mwakwiya."

"Ndikwiyire chiyani? Mwasankha, mwasankha."

"Si ine, ndi sikelo. Ndinaikapo phiko lanu, ndinaikapo la adokotala. Ndinabwerezanso poganiza kuti mwina ndalakwitsa. Ine ndikanakonda..."

"Mukanakonda chiyani?"

Kumbuyo kwawo ndinkamva chikepe chikulira.

"Kuti wanu apambane," anatero. "Koma sanapambane."

"Munalemba ngati mukulembera sitolo ya misomali. Ngakhale moni munalibe. Achemwali anawerenga."

"Mayo ine! Anati chiyani?"

"Zimenezo zisiyeni. Ine ndikuti kwatirani sikeloyo, poti ndi imene mumaimvera."

Ndinamva akupuma. Ndinkafuna akwiye, andikalipire, ndidziwe kuti zawakhudza. Koma anangofunsa mofatsa ngati kale.

"Mawa mubwera? Si ku holo ya masiku onse, ndi ija yaikulu ya masewera, kuseri kwa siteshoni. Adokotala akuti atha kudzakutengani pa galimoto."

"Adokotala, adokotala! Pulasitiki ndi wawo, galimoto ndi yawo. Ine ndibwere kudzatani, kudzasita?"

"Asimbi, tamverani. Mukafika musadzere ku..."

Ndinadula. Ndinaima pomwepo nthunzi ikundinyowetsa miyendo, kudikira kuti aimbenso. Sanaimbe. Andege chinthu chikayamba kung'ambika sachikoka, amachisiya kaye. Ndinkadziwa zimenezo, komabe ndinayang'ana foni tsiku lonse.

* * *

Loweruka ndinadzuka nditatsimikiza kuti sindipita. Ndinachapa makatani, ndinakolopa, ndinatsuka ndi firiji yomwe. Pofika masana ndinangopezeka ndavala diresi langa lobiriwira, nsapato zili m'manja.

Achemwali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anapempha mankhwala. Nditawapatsa anapempha mtsamiro wina. Kenako anati magalasi awo asowa, pamene anali pachifuwa pawo.

"Ukabwerako ukulira usadzalilire pa sofa panga," anatero ndili pakhomo. Nditacheuka ndinaona akuyang'ana pansi.

Basi inachedwa. Nditatsika pasiteshoni ndinathamanga, diresi nditaligwira. Holoyo inali yaikulu ngati fakitale, kunja kulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Kutsogolo kunali zitseko ziwiri zachitsulo. Panali pepala lomata, koma mphepo inali italipinda, ndipo ine ndinalibe nthawi yoliwongola. Ndinakankha ndi phewa. Zonse ziwiri zinatseguka.

Kandege ka Andege ndinakaona nthawi yomweyo. Kanali m'mwamba mwenimweni, kunsi kwa zitsulo za denga, kakuzungulira pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda pansi, pulopela akutembenuka ngati akuyamba waganiza kaye. Dzuwa lolowera pa mawindo a m'mwamba linkasewera m'mapiko mwake, apa obiriwira, apa ofiirira, apa osaoneka n'komwe. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola chonchija. Andege sananame. Pulasitiki wanga sakanafika kumeneko.

Kenako ndinamva mphepo ikudutsa m'miyendo mwanga kulowa m'holo.

Anthu onse anacheuka. Tindege tina timene tinali m'munsi tinagwedezeka n'kupitirira. Ka Andege kanaima kaye, kanapendekera kumbali, n'kukagunda nyale. Phiko linapindika popanda phokoso lililonse. Kanatsala kali lende pa waya wa nyaleyo, kachidutswa ka pulasitiki kakutsika kokha, kakunyezimira.

"Tsekani chitseko!" Adokotala ananong'ona, koma kunong'ona kwake kunamveka holo yonse. Anali ndi wotchi m'manja.

Ndinatseka. Ndinkafuna kutseka ndili kunja, koma ndinatsala m'kati.

Andege anayamba kubwera. M'holo ngati imeneyo munthu sathamanga ngakhale mtima utafuna, ndiye anabwera phazi ndi phazi, manja atawaphatika m'mbali, anthu onse akuwaonerera. Nthawi inalipo yokwanira kuti ndikonze mawu onse opepesera, n'kuwaiwalanso.

"Mwabwera," ananong'ona.

"Ndakuonongerani."

"Inde. Kanali kasanakwerepo choncho chiyambire." Anayang'ana kumwamba. Zinawapweteka, ndipo sanabise. "Koma kunena zoona, theka la ulendo wake sindinalione. Maso anali pa kachitseko ka kumbaliko, kamene ndimafuna kukuuzani dzulo."

Misozi inayamba yokha. Anandipatsa kansalu konunkha guluu.

"Uthenga uja ndinalemba moipa, ndavomera. Sindinazolowere kulembera munthu. Koma ndikanakunamizani kuti wanu ndi wopepuka, mukanandikhulupirira pa zinazi?"

"Ziti?"

"Zoti ndikufuna kudzaonana ndi achemwali anu."

"Anati mukadzabwera adzadzitsekera kuchipinda."

"Ndidzalankhula ndi chitseko. Ntchito yanga ndi yomweyo, kunyengerera zitseko zokana kutseguka."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Bambo wina kumbuyo anati, "Shii!"

* * *

Andege anapita kukabwereka ndodo yaitali yotsitsira tindege tokodwa. Ine ndinakhala pabenchi cha kukhoma n'kulembera achemwali kuti, "Akufuna kubwera kudzakuonani." Ndinatumiza msanga ndisanasinthe maganizo. Koyamba mlungu wonsewo pachifuwa panapepuka.

Adokotala anabwera kudzakhala pambali panga. Ankanunkhira mafuta okwera mtengo. Ndinakonzeka kumva za chitseko.

"Mayi a kochapa, ndimaona mmene mumandiyang'anira," anatero motsitsa, maso ali kwa Andege. "Mukuganiza kuti ndikuwafuna."

"Ine sindinanenepo kanthu."

"Nkhope yanu inanena kalekale. Mtima m'malo, ine wanga ndili naye kunyumba. Awa ndi alamu anga."

Ndinamva ngati benchi yasuntha. "Alamu anu bwanji?"

"Anakwatira achemwali anga. Sanakuuzeni?" Ananditembenukira, ndipo m'maso mwawo munalibe nkhanza. Zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri. "Achemwaliwo anapita kunja kukagwira ntchito ya unamwino. Poyamba ankaimba, kenako anayamba kudumphitsa, kenako zii. Zaka zapitapo, inde. Koma ukwati sunathe. Palibe amene anapita kukhoti."

"Iwo anandiuza kuti amakhala okha."

"Sananame. Amakhaladi okha." Anakulunga chingwe cha wotchi ija pa chala, n'kuiponya m'chikwama. "Mpaka Lachisanu likubwerali. Achemwali akutera m'mawa, ndipo akuti abwereratu. Makiyi a nyumba ija akadali nawo."

"Iwo akudziwa?"

"Ndimati ndiwauze mpikisano ukatha, kuopa kuti manja angamanjenjemere. Ndiye watha, si choncho?"

Ananyamuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulunjika pakati pa holo, pamene Andege anali atatsitsa kandege kaja. Andege sanawaone akubwera. Ankayang'ana ine, atakweza phiko lothyoka m'mwamba, akumwetulira ngati apambana.

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Anali achemwali anga.

"Mawa masana. Umuuze avale bwino, ndipo ndege azisiye kwawo."